Kalata Yoti Ndipume

Ine kiriketi sindinaifunefune. Inandipeza yokha ndili pantchito, ndipo amene anaibweretsa ndi khoswe. Nthawi imeneyo n'kuti likulu la dziko litangosamukira ku Lilongwe, malole a njerwa akupingasana tsiku lonse, fumbi lofiira likulowa mpaka m'mano. Ine ndinali wonyamula katundu pa sitolo ina yoodetsa ku Eriya 2, ya Mmwenye wobadwira konkuno. Tsiku lina khoswe anatuluka m'matumba a mpunga kuthamangira kukhomo, ine ndili ndi mutu wa anyezi m'manja. Ndinamugenda ali patali ndithu. Anyeziyo ananjanja pansi kamodzi n'kukamupeza m'mutu, khoswe uja chagada. Anzanga anafa nalo phwete, koma abwana sanaseke. Anatuluka kuseri kwa kauntala n'kuyamba kundisinika phewa lamanja ngati munthu amene akusankha mbuzi ya paukwati, kenaka anati Lamulungu m'mawa ndikapezeke kubwalo la masewera.

Kwa inu amene simunaionepo kiriketi, musadandaule, simunataye kanthu. Amuna akuluakulu, ena a ndevu zawo, amavala zoyera ngati a kwaya n'kukaima padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mmodzi amathamanga n'kuponya mpira wolimba ngati mwala, wina amaumenya ndi thabwa kuti usagwetse timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake. Woponya akaponya kasanu n'kamodzi amati yatha ova, apereke mpata kwa mnzake. Ena onsewo ntchito yawo n'kuima, kukanda m'mutu ndi kudikira nthawi ya tiyi. Sindikunama ayi, masewera amaima kuti anthu amwe tiyi. Pagulu lonselo wotopa amakhala woponya, ndipo woponyayo ndinali ine.

Chiyambire mwezi umenewo sindinasenzenso thumba. Pa mapepala a sitolo ndinali wonyamula katundu ndithu, koma ntchito yanga yeniyeni inali kugwetsa timitengo m'dzina la sitolo. Abwana anandigulira nsapato zoyera, n'kundipatsa kanyumba kuseri kwa sitolo kuti ndisamachedwe. Ankandikonda, ndisawanamizire, monga ankakondera lole yawo yatsopano. Ndikadutsa pa msika wa Tsoka anthu ankalozerana, ine n'kumayenda ngati pansi pali mazira. Akazi anga okha ndi amene sanatengeke nazo. Ankachapa zoyera zija akung'ung'udza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ine n'kumati imeneyo ndi nsanje chabe.

Poyamba tinkasewera Lamulungu lokha. Koma masewerawa anali ndi komiti yake, ndipo komiti ikakhala pansi siidzuka chimanjamanja. Atcheyamani ake anali mzungu wina amene anabwera kudzamanga maofesi atsopano a ku City Centre, ankakhala ku Eriya 11. Alembi anali Mmalawi mnzanga, kalaliki wa pa kampani ina ya inshulansi, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Abwana anga nawonso anali m'komitimo. Anthu atatuwa ataona kuti khamu likubwera kudzaonera wonyamula katundu akugwetsa timitengo ta mabwana, anayamba kuitana amalonda. Kunabwera chikho cha sopo. A matayala a njinga anati nafenso chathu. A mabatire a wailesi anati ife ndiye tatsalira chifukwa chiyani. Loweruka linalowa, Lachitatu masana linalowa, masiku a tchuthi ndiye osanena. Mkono wanga unkagona Lachisanu lokha, abwana akapita ku mzikiti, mpaka atcheyamani analitulukira Lachisanulo. Anati popeza ndimangokhala, ndizipita kwawo kukawaponyera iwo ndi anzawo pa kapinga wa kuseri kwa nyumba kuti aziphunzira kumenya. Galu wawo ndiye ankatola mpira, ndipo galuyo akatopa ankamulowetsa m'nyumba.

Pali lamulo m'masewerawa loti munthu mmodzi saponya ma ova awiri motsatizana. Lamulo limeneli ndi limene linkandipulumutsa, ndipo komiti inaliona kuti likuwononga malonda, chifukwa ine ndikasiya kuponya anthu ankatembenuka kukagula nzimbe. Anakhala pansi n'kugamula kuti woponya akasintha chipewa ndiye kuti ndi munthu wina. Anandipatsa zipewa ziwiri, chobiriwira cha a sopo ndi chofiira cha a mabatire. Ndikamaliza ova ndi chobiriwira, ndinkapita kumbali inayo, kuvala chofiira, n'kuyambanso. Woyimbira masewera, mkulu wina wovala jasi loyera ngati wogulitsa nyama, ankandilonjera mwaulemu nthawi iliyonse ndikasintha chipewa, ngati sitinaonane. Tsiku lina wa chipewa chofiira anapambana mphoto, wa chobiriwira n'kudzudzulidwa kuti akuchita ulesi, ndipo zonse ziwiri ndinazilandira ndine.

Phewa linayamba ndi kulira pang'onopang'ono ngati chitseko chosowa mafuta. Kenaka linayamba kutentha. Itakwana miyezi isanu ndi itatu ndinali ndisakuthanso kupesa tsitsi, malaya ankachita kundiveka akazi anga. Apa mantha anandigwira enieni. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndilibe luso la m'manja, kumudzi munda wake ndi wa khasu. Chuma changa chonse chinali mkono umenewu. Ukafa, ngakhale ntchito yosenza matumba ija sindikanaibwereranso, ndipo tinali ndi ana awiri.

Ndinapita pa kachipatala kena ka kufupi ndi kwathu. Dokotala wake anali bambo wachikulire wosachedwa kukwiya. Anandiuza kuti ndikweze mkono, unafika pachifuwa n'kukana. Anasinika apa ndi apo, ine ndikuluma mano, kenaka anati mitsempha ya m'phewa yayamba kuduka, yatsala pang'ono. Ndikausiya mkonowo masabata asanu ndi limodzi osaponya ngakhale chitsononkho, uchira. Ndikapitiriza, ndiiwale za mkono. Anatenga pepala n'kundifunsa kuti kalata ya kwa mabwana anga ailembe m'Chingerezi kapena m'Chichewa.

Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Atcheyamani ankachikonda Chichewa koopsa. Anali atalemba mayeso ake n'kukhoza, ankayenda ndi kabuku ka matanthauzo a mawu m'thumba la malaya, ndipo munthu ukawalankhula m'Chingerezi ankakhumudwa. Ndinaganiza kuti kalata ya m'Chichewa iwafewetsa mtima. Dokotala analemba mizere iwiri yokha: munthu uyu apume masabata asanu ndi limodzi, akapanda kupuma mkono wake ufa.

Komiti inakumana masana ena pakhonde la atcheyamani ku Eriya 11. Iwo atatu anakhala pa mipando ya nsungwi, ine pa sitepe. N'kuti abwana anga atangoitanitsa katundu watsopano, mankhwala opaka a m'tizitini onunkha bulugamu, ndipo chikho cha mankhwalawo chinali choti chiyambe Loweruka lomwelo. Zikalata zoitanira anthu anali atamata kale tauni yonse, pali chithunzi changa chojambula pamanja, mkono uli m'mwamba. Atcheyamani anawerenga kalata ija mokweza, mawu amodziamodzi. Atafika pa "apume" anaima, anatulutsa kabuku kaja, anatsatira ndi chala, n'kutseka. Nkhope yawo inagwa. Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni.

"Bambo, mwakhala osapuma kuyambira liti?"

"Miyezi isanu ndi itatu tsopano, bwana."

"Osapuma ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono, bwana."

"Ngakhale Lamulungu?"

"Makamaka Lamulungu, bwana."

Anavula magalasi. Anauza anzawo aja kuti m'dziko lawo munthu sangathe mphindi zitatu osapuma, ndipo kuti chiyambire kubwera kuno sanasiye kudabwa ndi kupirira kwa anthu ake. Ine mumtima ndinati zayenda, munthuyu wamva. Anandifunsa kuti nanga ndikufuna ndizikapumira kuti. Ndinati kunyumba. Anapukusa mutu.

"Iyayi. Ku Eriya 2 kuli utsi ndi fumbi. Muzipuma pabwalo, pamene pali mpweya wabwino."

Mpamene ndinazindikira kuti ine ndi atcheyamani takhala tikuyenda misewu iwiri. Kabuku kawo kanawauza kuti kupuma ndi kukoka mpweya, ndipo tanthauzo lachiwiri m'kabukumo iwo sanaliwerenge. Ndinayesa kukonza. Ndinati pepani bwana, kupuma kwake si kumeneko, akunena kupumula, kuusiya mkono. Anakweza chala, n'kundikumbutsa mokoma mtima kuti iwo Chichewa anachita kulembera mayeso, pamene ine ndinangochitola m'njira. Kenaka anatembenukira kwa alembi n'kufunsa ngati kupuma si kukoka mpweya.

Alembi anayang'ana cholembera chawo nthawi yaitali, ngati akuchiona koyamba. "Ndi kumeneko, bwana," anatero.

Muyenera kumvetsa zaka zimenezo. Munthu wokhala pampando sankatsutsidwa, kaya ndi mpando wanji. Tinali titazolowera kuti wamkulu akanena kuti kunja kukugwa mvula, iwe umatambasula ambulera. Alembi aja ndinawakwiyira, koma ndinawamvetsa. Amene anandipweteka mtima ndi abwana anga. Munthu wobadwira m'Lilongwe momwemuno, Chichewa chili m'magazi, wotukwana oyendetsa malole m'Chichewa choti ine sindingachibwereze pano. Ankadziwa bwino lomwe chimene dokotala ananena. Ndinawayang'ana kuti anene liwu limodzi lokha. Iwo anayang'ana maluwa a atcheyamani, n'kunena kuti mwamwayi mankhwala awo atsopano aja amatsegula m'chifuwa.

Pobwerera alembi anandipeza panjira ali pa njinga yawo. Anatsika, tinayenda limodzi kamtunda ndithu. Kenaka anati achimwene, inetu sindinaname, mawuwo amatanthauzanso zimenezo. Ndinati ndamva. Anati ali ndi ana asanu, ndipo zikalata zamatidwa kale. Ndinati ndamvanso. Anakwera njinga yawo n'kumapita, tayi ikuuluka paphewa.

Kunyumba akazi anga atamva nkhaniyi sanaseke n'komwe. Anandifunsa ngati pakamwa panga pamagwira ntchito yodyera yokha. Anati timange katundu tipite kumudzi, kapena ndingogona pamphasa Lowerukalo ndione ngati komiti ibwere kudzandinyamula. Ndinawauza kuti nyumba tikukhalayi ndi ya abwana, ndikakana tigona kuti. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Zinazo ndikuziulula lero, ndakalamba: ndinkakukonda kulira kwa timitengo tikamagwa. Ndinkakonda khamu likamadzuka chifukwa cha ine, munthu amene kale ankangomuitana kuti iwe. Ndinadzinamiza kuti mkono wapirira miyezi isanu ndi itatu, sungalephere masabata ochepa. Uchitsiru umenewo unali wanga, sindingaukankhire kwa komiti.

Ndipo komiti inamvera dokotala mokhulupirika, zimenezo ndiwachitire umboni. Inagamula kuti kwa masabata asanu ndi limodzi, ova iliyonse ikatha, masewera aziima kuti woponya apume kakhumi. Ndinkaima pakati pa bwalo, woyimbira uja ali patsogolo panga akuwerenga ndi zala, ine ndikukoka mpweya ndi kuutulutsa. Ndikamaliza ndinkasintha chipewa, ndipo popeza wa chipewa chinacho anali munthu wina amene sanapume, nayenso ankapuma kakhumi asanayambe. Abwana anapachika chinsalu chachikulu kumpanda cholembedwa kuti PUMANI NGATI WOPONYA WATHU, pansi pake pali chithunzi cha kachitini. Pa nthawi ya tiyi ankandivula malaya pamaso pa anthu n'kundipaka mankhwala aja pachifuwa. Ndinapempha kuti azindipakako paphewa, anati kalata sikunena za phewa.

Anthu anaikonda nkhaniyi kuposa kiriketi yomwe. Sabata yachiwiri khamu lonse linkapuma nane limodzi, bwalo lonse kuti fuu, fuu, ogulitsa mtedza ndi nzimbe omwe. Amayi ena ankabwera ndi ana a chifuwa kuti adzaonere. Pa msika wa Tsoka ndikadutsa, amalonda ankandikuwira kuti akulu, mwapuma kale lero? Tizitini tija tinatha m'sitolo, abwana n'kuitanitsa tina. Atcheyamani ankabwera kudzandigwira paphewa, lomwelo lowawalo, n'kundiuza kuti nkhope yanga yayamba kuwala. Ine usiku ndinkagona chokhala, nditatsamira khoma, chifukwa kugona chammbali kunali kosatheka.

Zinachitika sabata yachinayi, pa masewera omaliza a chikho cha mankhwala opaka. Ndinali nditavala chipewa chofiira. Mpira woyamba ndi wachiwiri ndinaponya ndi mano, osati ndi mkono. Wachitatu ndinathamanga bwinobwino, ndinazunguza mkono, ndipo utafika pamwamba ndinamva kuti thi m'kati mwa phewa, ngati waya wa buleki ya njinga. Mpira sunapite kutsogolo. Unagwera kumbuyo kwanga n'kugubuduka pang'ono. Mkono unagwa n'kumangolendewera, ndikauuza kuti dzuka, osamva. Ululu wake sindingaufotokoze, ndinangoona bwalo likuchita mdima m'mbalimbali, ndinagwada pansi.

Woyimbira anathamanga kudzaima patsogolo panga. Anandiyang'ana, anayang'ana kumene kunakhala komiti, n'kukweza chala choyamba kuyamba kuwerenga. Khamu litaona chalacho linayamba, fuu, fuu. Abale anga, ndinapuma. Ndikanatani? Ndinapuma kakhumi konse nditagwada pamenepo, misozi ikutsika, anthu n'kuwomba m'manja.

Dokotala uja nditabwererako sanakalipe monga ndinkayembekezera. Anandifunsa ngati kalata ndinapereka, ndinati eya. Anafunsa ngati ndinapuma, ndinati kwambiri, n'kumufotokozera zonse. Anaseka mpaka anagwira tebulo. Kenaka anasiya mwadzidzidzi, anapukuta m'maso, n'kupepesa. Anati zala zizigwira ntchito, chigongono chizipindika pang'ono, koma mkonowo sudzadzukanso wokha kuchoka m'mbali mwa thupi. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa panja pa chipatalacho mpaka dzuwa linapendeka, ndikuopa kukawauza akazi anga. Nditawauza sananene kuti ndinakuuzani. Anangotenga mkono uja n'kuuika pamiyendo pawo, ndipo zimenezo zinandiliza kuposa mawu alionse.

Patapita miyezi iwiri komiti inandiitana kubwalo kuti idzatsanzikane nane pa nthawi ya tiyi. N'kuti atapeza kale woponya wina, mmisiri wa matayala wa ku Kawale, zipewa zija zili kwa iye. Abwana anali atandipatsa ntchito yokhala pampando pakhomo la sitolo kuyang'ana olowa ndi otuluka, ndipo sankandiyang'ananso m'maso. Atcheyamani anaimirira n'kulankhula m'Chichewa. Anati pokonzekera mwambowu atsegulanso kabuku kawo, ndipo apeza chinthu chodabwitsa: munthu akasiya ntchito chifukwa cha ukalamba kapena matenda, amatinso wapuma. Mawu amodzi, matanthauzo awiri, anatero, chilankhulo cholemera bwanji. Ndiye lero bambo awa, amene komiti inawathandiza kupuma, akupumanso kachiwiri. Alembi ndi amene anayamba kuwomba m'manja.

Kenaka atcheyamani anabwera pamene ndinaima n'kutambasula dzanja lawo kuti tigwirane chanza. Ndinauza mkono wanga kuti udzuke. Unangogwedeza zala. Dzanja la atcheyamani lili m'malere, anthu onse akuyang'ana, makapu a tiyi ali m'manja. Kupereka lamanzere sindikanatha, si mwambo wathu. Ndiye ndinatenga dzanja lamanzere, ndinagwira mkono wamanja pansi pa chigongono, n'kuunyamula ngati mwana wodwala mpaka unafika m'dzanja lawo. Ululu unandipinditsa msana ndi mawondo pang'ono.

Atcheyamani anagwira chanza changa nthawi yaitali, maso awo ali ndi misozi. Anatembenukira kwa anzawo n'kuwauza kuti aone ulemu wa Amalawi: munthu wotchuka chonchi, koma akupereka moni ndi manja awiri, atawerama, monga amachitira kumudzi pamaso pa akuluakulu. Anati achinyamata atengerepo phunziro.

Papita zaka zambiri tsopano. Moni ndimaperekabe choncho, kwa akulu ndi kwa ana omwe, kwa wondikonda ndi kwa wondinyoza, chifukwa njira ina ndilibe. Kuno kumene ndimakhala, makolo akafuna kulangiza ana awo amaloza ine, amati m'dera lonse lino mulibe munthu waulemu ngati bambo aja.